Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Ntchito yowerenga mapilitsi

Tafika gawo 9 abale anga. Ulendo watha ndinalekezera pomwe anesi anandiitana kundifunsa ngati ndingalole kukhala expert client pa kiliniki yathu ya ma ARV, ndiye lero ndikuuzeni zomwe ndinakazipeza kumeneko.

Kwa amene simukudziwa, expert client ndi munthu woti nayenso ali pa mankhwala, akumwa bwinobwino ndipo alibe nazo manyazi zouza anthu. Ine ndinayamba kumwa mankhwalawa mu 2008, patangotha zaka zinayi boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004. Inali nthawi ya ma ARV otchedwa Triomune, kumwa mmawa ndi madzulo, miyendo kumachita dzanzi usiku onse. Kenako anatisinthira ku 5A ija yakamodzi pogona, yobweretsa chizungulire ndi maloto osadziwika bwino. Ndiye munthu akamandiuza kuti achemwali mankhwalawa akundisowetsa mtendere sindinkafunika kufunsa kawiri, ndinkadziwa.

Ntchito yanga mmawa inali kuyeza anthu pa sikelo, kufufuza ma mastercard awo (makadi akuchipatala olembapo za mankhwala a munthu aliyense) mu kabati kenako kuwerenga mapilitsi. Aliyense amayenera kubwera ndi botolo lake ngakhale mwatsala awiri okha. Umakhuthulira pa kathireyi nkumawerenga, ukuona tsiku lomwe analandira ndi kuchuluka kwa omwe anapatsidwa, ukachotsera masiku omwe adutsa umadziwa kuti mubotolomo mukuyenera kutsala angati. Akachuluka ndekuti pali masiku omwe anadumphitsa, a clinician amalemba pa khadi paja.

Koma botolo limanama abale, izi ndinaziona ndi maso angawa. Panali mayi ena, dzina sinditchula, mapilitsi awo ankakwana ndendende ulendo ulionse, tsiku lawo sankajomba, moti tinkawatenga ngati chitsanzo. Chonsecho sikelo imangotsika, chifuwa chosatha, milomo zilonda. Atawatenga magazi a viral load zotsatira zinabwera zokwera kupyola 1000.

Viral load ndiyo imaonetsa kuchuluka kwa tizirombo mmagazi. Kwathu ankadontheza magazi pa kapepala kapadera nkuumitsa, a njinga yamoto nkupita nako ku labu, zotsatira kumadikira masabata. Munthu amene akumwa tsiku ndi tsiku tizirombo timachepa mpaka makina osationa, ndipo akafika pamenepo sapatsira mkazi kapena mwamuna wake pogonana. Zikapyola 1000 sakusinthira mankhwala pompo ayi, umayamba wakhala pa uphungu wapadera miyezi itatu kenako ayezanso. Zikatsika ndekuti vuto linali kamwedwe. Zikakhala zokwerabe munthu akumwa bwino, madokotala amayamba kuganiza kuti mwina kachirombo kazolowera mankhwalawo, nkuona zomusinthira. Kuopsa kodumphitsa kuli pamenepo, kachirombo kamapeza mpata wochulukana nkusintha, ndipo mankhwala osinthira si ambiri.

Mayi aja anandipatsa ine. Tinakakhala kuseri pa benchi, sindinawafunse kuti mukumwa kodi? chifukwa funso limeneli aliyense amati eya. Ndinayamba ndi zanga, momwe zinkandivutira kumwa pa maliro anthu ali mbwee, kenako ndinati mayi, inu masiku amene zimakuvutani kwambiri ndi ati? Anakhala duu kwakanthawi akupotokola nsonga ya chitenje. Kenako anati achemwali, bambo akunyumba sakudziwa. Anapezeka nako ku sikelo ali oyembekezera, munthawi ya Option B+ ija inayamba mu 2011 yoti mayi aliyense wapakati akapezeka nako ayambe mankhwala a moyo onse, ndiye anayamba tsiku lomwelo opanda nthawi yoganiza kuti akanena bwanji kunyumba. Botolo ankalikwirira mu thumba la ufa. Bambowo anali msodzi, akapita kunyanja mayiwa amamwa bwinobwino koma akabwera sabata yonse osakhudza chifukwa mapilitsi amachita phokoso mubotolo. Ndiye likayandikira tsiku lakuchipatala ankawerenga okha, otsalawo nkukataya mchimbudzi kuti tisawakalipire.

Kuti tisawakalipire. Mawu amenewa anandipweteka mumtima mpaka lero. Munthu kutaya moyo wake mchimbudzi chifukwa choopa ife amene tinayenera kumuthandiza! Ineyo ndimakana zokalipira odwala pa mzere anthu akumva, sizipangitsa munthu kumwa mankhwala, zimangomuphunzitsa kubisa bwino.

Tinagwirizana kuti botolo lizikhala kwa mng'ono wawo nyumba yoyandikana, iye akhale gadiyani, azimwa mmawa popita kumjigo. Zowauza bambo tinazitenga pang'onopang'ono, mpaka tsiku lina anabwera onse awiri kudzayezetsa limodzi ngati banja. Atayezanso viral load inali itatsika, thupi linabwerera.

Masana tinkalondola omwe ajomba. Tsiku lako likadutsa timayamba kuimba foni, ikakanika timakwera njinga, koma kwa okhawo amene anavomera kuti tizitha kuwayendera. Sunkapita ndi yunifomu kapena chikwama cholembedwa, umafika ngati mnzawo wakumpingo basi. Ena adiresi anapereka yabodza, ena anapita ku Joni osatenga transfer, kalata yokalandirira mankhwala kwina, ena mneneri anawapempherera nkuwauza kuti achira ataye mankhwala, amenewa ndi amene ambiri tinkawapeza ali gone. Ena inali njala chabe, miyezi ya January ndi February munthu amakuuza kuti ndimwa bwanji mmimba mulibe kanthu. Umamuuza kuti imwanibe, mankhwalawa amagwira ntchito ngakhale musanadye, koma pobwerera panjinga mtima uli wolemera.

Kuyambira 2019 ambiri tinasamukira ku 13A ija ili ndi dolutegravir, kamodzi patsiku, ndipo amene viral load yawo ili bwino amalandira a miyezi isanu ndi umodzi. Zathandiza kwambiri pa transipoti, ine ndimayamika. Kungoti munthu ukamuona kawiri pachaka, kamphindi komwe wakhala naye pa benchi kamafunika kumufunsa modekha ndithu, chifukwa zikamuvuta mu March ungadzamve mu August.

Gulu limene linandilizitsa kwambiri ndi achinyamata obadwa nako, maka omwe ali ku boarding, obisa botolo mu sokosi pansi pa tiranki. Za iwowa ndi teen club yathu ya Loweruka ndidzakuuzani mu gawo 10.