Tebulo lopanda sikuluwu laima

Langoima kumene tebulo la pabalaza, lopanda sikuluwu, msomali kapena guluu, ndipo silikugwedera ngakhale pang'ono. Anthu ambiri amaganiza kuti ntchito yotere imafuna makina. Ayi, imafuna kuyeza bwino basi.

Zidutswa ndi zitatu za pulayiwudi ya 18 mm: chapamwamba 70 x 70 cm, miyendo iwiri 60 x 40 cm. Pakati pa mwendo uliwonse chekani mpata wofika theka, 20 cm, wina kuchokera pamwamba, wina kuchokera pansi, kenako muilowetsane ngati mtanda. Pocheka mwendo siyani mano awiri pamwamba pake, otalika 5 cm, okwera 18 mm, oti alowe m'mabowo anayi a thabwa lapamwamba. Pomwe pamavuta ndi apa: pulayiwudi yolembedwa 18 mm nthawi zambiri imachepera pamenepo. Musakhulupirire chomata cha kusitolo. Ikani thabwa lenilenilo pomwe mukucheka, lembani mbali zonse ndi pensulo yosongoka, chekani mkati mwa mzere, zotsalazo musenge ndi tchizulo. Mpata ukakula ndi 1 mm yokha, tebulo lonse limavina.

Chidutswa chilichonse chizilowa pokankha ndi manja n'kumaliza ndi hamala yamtengo. Mukachimenya mwamphamvu timapepala ta pulayiwudi timasendeka m'mphepete. Vanishi musapake m'kati mwa mipata, amawonjezera makulidwe. Ofuna mlombwa kapena paini, onetsetsani kuti wauma, chifukwa thabwa laliwisi limafota m'mbali ndipo mano amakhwefuka.