Mmene ndinalongedzera pulogalamu ya netiweki m'phukusi la Debian

Makompyuta amene ndimayang'anira kuno ku Dedza boma onse ali ndi mtundu wa Linux wotchedwa Debian 12, ija amaitcha bookworm, yomwe inatuluka mu 2023. Nditapeza kapulogalamu katsopano koonetsa makina amene akumaliza bandulo pa netiweki, sindinafune kumayenda ndi fulashi n'kumakaika pamanja paliponse. Ndinasankha kukalongedza m'phukusi la .deb kuti apt, pulogalamu yoika mapulogalamu pa Debian, azikaika ndi kukachotsa mwaukhondo.

Ndinakopera khodi yake n'kuyendetsa dh_make, yomwe imakupangira foda ya debian yokhala ndi mafayilo oti udzaze. Mu control mumalembedwa dzina la phukusi ndi mapulogalamu ena amene limadalira, mu copyright mumalembedwa laisensi. Fayilo ya rules sindinaigwire kwenikweni.

Pomwe ndinakhalitsa ndi pa nambala ya veshoni, imene imakhala mumzere woyamba wa changelog, fayilo yolembamo zimene zasintha. Pofuna kudziwa chatsopano, apt sayang'ana tsiku kapena zamkati, amangoyerekeza manambala basi. Eni pulogalamuyo anali atatulutsa yoyeserera. Ukailemba 1.0rc1, apt amaitenga ngati yaikulu kuposa 1.0, ndiye yeniyeniyo ikadzatuluka makina sadzasintha. Mankhwala ake ndi kachizindikiro ka ~, kamene kamabweza nambala m'mbuyo. Ndinalemba 1.0~rc1-1, n'kutsimikiza ndi lamulo loyerekezera manambala la dpkg --compare-versions. Ka -1 kakumapetoko ndi kanga: ndikangokonza kalongedzedwe osakhudza khodi, kamakhala -2. Amene wasokoneza manambala amakakamizika kuika 1: patsogolo, chomwe amati epoch, ndipo chimenecho chili ngati chipsera, sichichoka.

Anthu a WireGuard, pulogalamu yolumikiza makompyuta mwachinsinsi, anachita mwanzeru pa nkhani ya manambalayi. Pulogalamu yawo isanakhwime ankailemba 0.0 kenako tsiku, ndipo 1.0 anafikapo mu 2020, italowa mu Linux 5.6.

Pulogalamu ya netiweki ili ndi vuto lakelake. Pa Debian, sevisi imayamba kuthamanga phukusi likangolowa, kutanthauza kuti khomo la netiweki (port) latseguka mwini kompyuta asanakonze kalikonse. Ine zimenezo sindigwirizana nazo, choncho mufayilo ya masetingi ya mu /etc ndinaika kuti izimvera pa 127.0.0.1 pokha, kutanthauza pakompyuta yomweyo basi. Wofuna kutsegulira ena asinthe yekha, ndipo phukusi latsopano likabwera dpkg, amene amaika phukusilo, amayamba wamufunsa asanafufute zimene anasinthazo.

Pomanga ndinagwiritsa ntchito sbuild. Imamanga m'malo oyera, mopanda zina zonse za pakompyuta yako, ndiye ngati pali chimene sunatchule mu Build-Depends, mndandanda wa zofunika pomanga, imaima pomwepo. Kukonza malowo koyamba kumadya data yambiri, moti ndinadikira usiku, nditafunda bulangete chifukwa kuzizira kwa kuno mukukudziwa. Kenako lintian, younikira zolakwika m'phukusi, inandilozera tinthu tina, monga kusowa kwa tsamba la malangizo (man). Ndinayesa pa kompyuta imodzi: kuika, kukweza kupita ku -2, kuchotsa. Zitayenda, ndinaliika munkhokwe yathu ya maphukusi ya reprepro kuti makina onse azitenga kumeneko.

Kuti lilowe mu Debian mwenimweni pali mtunda wina. Umalengeza ndi ITP, chidziwitso choti ukufuna kulongedza pulogalamuyo, pamndandanda wa wnpp kuti ena asavutikenso ndi ntchito yomweyo, umalikweza pa mentors.debian.net n'kupeza wa Debian woti aliunike ndi kulitumiza. Likadutsa pamzere wa NEW, pomwe amasanthula laisensi, limalowa mu unstable, gawo lofikiramo zatsopano, kenako testing, gawo loyeserera Debian yotsatira. Langa ndalisunga kaye mpaka eni ake atulutse 1.0 yeniyeni.