Mzere ukasowa pa gel, jini yasowadi?

Lolemba m'mawa njinga yamoto inafika ndi maenvulopu a mapepala a magazi ochokera m'zipatala zazing'ono za m'mbali mwa nyanja. Eni magaziwo anali ndi nkhani imodzi: pa maikulosikopu tizilombo ta malungo tikuoneka, koma RDT, kachipangizo koyezera mwachangu kaja, ikuonetsa mzere umodzi ngati munthu alibe kanthu. RDT yotere imafufuza puloteni ya HRP2 imene Plasmodium falciparum, mtundu umodzi wa tizilombo ta malungo, amapanga. Kachilombo kakataya hrp2, jini (kachigawo ka DNA) yopanga puloteniyo, RDT imatha kulephera kukaona. Ku Peru zinadziwika mu 2010, ndipo ku Eritrea zinakula mpaka dziko linasintha mtundu wa RDT. Funso la sabatayo linali lakuti, kodi kuno ku Mangochi n'zomwezo?

Tinayamba ndi kusankha mapepala. Dontho la magazi liyenera kuuma pamthunzi maola angapo, kenako pepala lililonse lilowe m'kathumba kake pamodzi ndi silica gel. Lotsekeredwa lili lonyowa, ndi chinyezi cha kunyanja kuno, limafika litachita nkhungu, DNA itaduka-duka. Otere tinawaika pambali. Pa otsalawo tinaboola tizidutswa titatutitatu ta mamilimita 3, n'kutiviika usiku wonse mu saponin, mankhwala oswa maselo ofiira, wa 0.5% mu fuliji pa madigiri 4. Choboolera timachitsuka, n'kuboola nacho pepala loyera tisanagwire la munthu wina, chifukwa kanyenyeswa kamodzi n'kokwanira kusamutsa DNA.

Lachiwiri tinatsuka tizidutswato ndi madzi amchere a PBS mpaka kufiira kutha, poti utoto wa m'magazi umafooketsa Taq, enzayimu yokopera DNA. Kenako mamaikulolita 50 a Chelex wa 20% ndi 150 a madzi, kutenthetsa pa madigiri 95 kwa mphindi 10, kuzunguza pa centrifuge, n'kuyamwa madzi a pamwamba okha. Timikanda ta Chelex timagwira magnesium, amene Taq imafuna kuti igwire ntchito. Timikandato tikatengeka ngakhale tochepa, PCR, njira yochulukitsa makope a DNA kuti aoneke, yafa isanayambe.

Vuto linabuka Lachitatu. PCR ya jini ya 18S, yotsimikizira mtundu wa kachilombo, inayenda bwino: pa gel, pamene DNA yokoperedwa imaonekera ngati mizere, mzere wa mabase (zilembo za DNA) 205 unaoneka pa magazi ambiri. Ya gawo loyamba la hrp2 ndi majini oyandikana nayo sinatulutse kanthu. Munthu wothamanga akanalemba pomwepo kuti jini yasowa. Koma ngakhale 3D7, kachilombo ka mu labu kamene tikudziwa kuti kali ndi hrp2, kanangopereka chifunga pa gel. Titatsegula pulogalamu ya makina tinapeza kuti inali ya PCR ina yakale: ma primer, tizidutswa tatifupi ta DNA toyambira kukopera, kumata pa madigiri 62, kukopera pa 72.

Apa ndi pamene kapangidwe ka DNA kamalowerera. DNA imalembedwa ndi zilembo zinayi: A imagwirana ndi T ndi mfundo ziwiri, G imagwirana ndi C ndi mfundo zitatu. Chingwe chochuluka G ndi C chimapirira kutentha, chochuluka A ndi T chimalekana msanga. Mwa munthu G ndi C ndi pafupifupi 41%. Mwa kachilombo ka TB ndi pafupifupi 65%. Mwa falciparum, amene DNA yake yonse inafalitsidwa mu 2002, ndi 19% yokha, ndipo m'mipata ya pakati pa majini A ndi T zimafika cha m'ma 90%. Pali masamu achidule opezera kutentha kumene primer imayamba kusomphoka: A kapena T iliyonse ndi madigiri 2, G kapena C ndi madigiri 4. Primer ya zilembo 20 yokhala ndi A ndi T 16 imatuluka pa 48. Ya TB yokhala ndi G ndi C 13 imafika pa 66. Ndiye pa 62 primer ya malungo ingamate bwanji? Ngakhale itamata, pa 72 chingwe chatsopano chodzaza A ndi T chimasomphoka Taq isanamalize. Tinatsitsa kumata kufika pa 50, kukopera pa 60, nthawi yokopera tinaichulukitsa kawiri. 3D7 inatulutsa mzere wooneka bwino, ndipo magazi ambiri amene tinkawaganizira anatulutsanso.

Kuchuluka kwa A ndi T kumeneku si chopinga cha PCR chabe. Mwa kachilomboka, malo oyatsira jini amakhala m'mipata yodzaza A ndi T ija, ndipo DNA ya pamenepo imakulungidwa pa mapuloteni otchedwa mahistone, apadera, H2A.Z ndi H2B.Z, motayirira kuti iwerengeke. Mwa munthu zimasiyana: majini ambiri amayambira pa zigawo zodzaza C ndi G, ndipo kachizindikiro kotchedwa methyl kakamatidwa pa C jiniyo imakhala chete. Wozolowera DNA ya munthu amasokonezeka akafika pa malungo.

Lachinayi magetsi anazima PCR ili pakati, jenereta inachedwa, PCR yonse tinaibwereza. Itatha, magazi ochepa anatsalabe opanda mzere wa hrp2, ndipo awa ndiwo anafuna kuganiza.

Falciparum ali ndi makromozomu (zingwe zazitali za DNA) 14, mabase pafupifupi 23 miliyoni. Majini osamalira moyo wa tsiku ndi tsiku ali chapakati pa makromozomu, ndipo sasinthasintha. Kunsonga n'kwina. Kumeneko zingwe zimathyoka, zimasinthanitsa zidutswa, n'kudzipoletsa ndi nsonga yatsopano. Jini ya hrp2 ili kunsonga kwa kromozomu 8, mbale wake hrp3 kunsonga kwa 13, n'chifukwa chake zimatha kutayika kachilombo n'kukhalabe moyo. Koma mzere kusowa sikokwanira. 18S ili ndi makope angapo m'kachilombo kamodzi pamene hrp2 ndi imodzi, choncho magazi okhala ndi tizilombo tochepa amaonetsa 18S n'kubisa hrp2. Musananene kuti yatayika muyenera kutulutsa majini awiri a kope imodzi, msp1 wa pa kromozomu 9 ndi msp2 wa pa kromozomu 2. Pa magazi athu otsalawo msp2 inakana. DNA inali yochepa, ndipo sitinalembe aliyense kuti wataya jini.

Lachisanu namwino wa ku sikelo ya amayi oyembekezera anabwera kudzatenga zotsatira. Anafunsa kuti, “Achimwene, poti mwaona majini a kachilomboka, mungandiuze amene adzadwale kwambiri?” Yankho ndi lakuti DNA imatiuza kuti jini ilipo, osati kuti yayaka. Kunsonga komweko, ndi m'timagulu tingapo chapakati, kuli majini a var pafupifupi 60, opanga PfEMP1, puloteni yomatirira maselo ofiira ku mitsempha. Onse amatsekedwa ndi chizindikiro cha H3K9me3 ndi puloteni ya HP1, atapanikizidwa m'mphepete mwa nucleus, chipinda cha DNA mu selo, kupatula imodzi yokha imene imayaka. Chitetezo cha thupi chikaizindikira, tizilombo timene tayatsa ina ndi timene timachuluka. Mwa mayi woyembekezera mumachuluka toyatsa var2csa, yomatirira ku nsengwa, ndipo ndi chifukwa chake mimba yoyamba imavutika kwambiri, ndi chifukwa chake SP, mankhwala oteteza ku malungo operekedwa ku sikelo, sayenera kudumphidwa. Kuti tione jini yoyaka tifunika RNA, kope limene jini imatulutsa ikayaka, magazi atsopano othiridwa mu mankhwala a TRIzol ndi fuliji ya madigiri 80 pansi pa ziro. Chelex ndi pepala louma sizingatipatse zimenezo.

Mu lipoti tinalemba kuti magazi osatsimikizikawo atengedwenso, madontho akulu, oumitsidwa bwino, ndi kuti masilaidi ake awerengedwenso ndi anthu awiri kuti tione ngati mulibe malariae kapena ovale, mitundu ina ya tizilombo ta malungo imene siipanga HRP2. Tinapemphanso kuti m'zipinda zosungira ma RDT aikemo thermometer ndi kulemba kutentha kawiri patsiku, chifukwa pansi pa malata mu Okutobala kuno kutentha kumapitirira malire olembedwa pa katoni.