Nanga nsima mwatereka?

Lachiwiri usiku, South Bend, ku America

Tulo tandithawa. Bambo a ana akuliza mkonono pambali panga ngati palibe chachitika, ndipo mukawafunsa mawa adzanena kuti palibedi. Ine ndikulemba izi pa foni nditafunda bulangete mpaka kumutu kuti kuwala kusadzutse khanda, chifukwa funso limodzi la apongozi anga likungolira m'khutu ngati udzudzu wolowa m'neti.

Anadya ma enchilada awiri, chakudya cha ku Mexico cha nyama yokulungidwa m'ma tortilla, timikate topyapyala ta chimanga. Awiri athunthu, ndi manja, foloko ataikankhira uko. Atamaliza ananyambita chala n'kunena kuti, "Zokomatu izi, apongozi, mwaphika bwino. Nanga nsima mwatereka?"

Akanakhala kuti amanyoza, bwenzi pano ndili m'tulo. Wonyoza umadziwa pomuika. Koma iwo anafunsa ndi mtima woyera, ngati mlendo amene wamwa thobwa ndi kudya mbatata, ndipo akudziwa kuti kukhitchini kukufuka utsi wa chakudya chenicheni. Zimene ndinaika patebulo kwa iwo zinali zongogwiriza m'mimba.

Ndidziteteze kaye, popeza wolemba ndine. Ndaweruka 3 koloko nditaima chiimire kuyambira 6 koloko m'mawa, kusambitsa ndi kutembenuza okalamba a eni ake. Kunja sinowo wochokera ku Lake Michigan wayamba kale, ndipo mwezi uno ikamakwana hafu pasiti 5 kumakhala kutada. Chibwerereni apongozi kuchokera ku Ntcheu kudzatithandiza khandali, milungu itatu tsopano, nsima sinaphonye usiku ngakhale umodzi. Ufa woyera umene anabwera nawo m'chikwama watsala pansi pa thumba. Ana awiri aakuluwa anayamba kung'ung'udza. Ndiye ndinati lero lokha tidye chimene tinkadya Lachiwiri lililonse iwo asanabwere.

Ndimachikonda chifukwa zofunika zake n'zisanu basi: minsi ya ng'ombe paundi imodzi, imene kwathu tingati theka la kilogalamu kuperewera pang'ono, anyezi mmodzi, zitini ziwiri za msuzi wofiira wa enchilada, ma tortilla a chimanga 12, ndi makapu awiri a tchizi chopalapala. Mchere ndi mafuta sitiwerenga. Umakazinga anyezi ndi minsi mpaka nyama itasiya kufiira, n'kukhetsa mafuta ake, n'kuthiramo masupuni angapo a msuzi uja kuti isaume. Msuzi wina umapaka pansi pa mbale yolowa mu uvuni. Kenako kukulunga: kanyama, katchizi, pinda, goneka msoko uli pansi, lina pambali pake, lina pambali pake, kuthithikana ngati ana a pamaliro ogona mphasa imodzi. Msuzi wotsala pamwamba, tchizi chotsala pamwamba, mu uvuni wa madigiri 375 a kuno, amene ndi 190 a kwathu, mphindi 20. Basi. Tchizi chikayamba kuwira m'mbalimbali watha ntchito.

Chovuta n'chimodzi chokha. Tortilla la chimanga likakhala lozizira silipindika, limathetheka. Chaka choyamba ndinkatulutsa mu uvuni chinthu chooneka ngati phala la nyama. Anandipulumutsa ndi mayi wina wachikulire wa ku Michoacán, ku Mexico, amene timagwira naye ntchito. Iye anati lililonse uliviike m'mafuta otentha masekondi ochepa mbali iyi, ochepa mbali inayo, lifewe koma lisaume gwa. Mafutawo amalitchingiranso kuti lisamwe msuzi mpaka kusungunuka.

Mayi yemweyo ndi amene anayamba kundiwonongera tsiku, ndangokumbukira. Pa nthawi yopuma ndinamuuza monyadira kuti madzulo ndiphikira apongozi chakudya cha kwawo ku Mexico. Anafunsa kuti msuzi ndiupanga bwanji. Nditatchula chitini anatseka maso ngati ndamuponda chala. Akuti zimenezo ndi za ku Texas. Kwawo amatenga tsabola wouma wa guajillo ndi ancho, amamuwamba pachiwaya, amamunyika m'madzi otentha, n'kumupera ndi adyo. Tortilla amaliviika mu msuziwo, kulikazinga, kulipinda, pambali mbatatesi ndi karoti, pamwamba tchizi choyera chonyenyeka. Uvuni sulowa m'nkhaniyo n'komwe. Dzina lakelo akuti likuchokera ku liwu lawo lotanthauza kuthira tsabola, ndiye iwe ukubwera ndi msuzi wa m'chitini woti ngakhale mwana wa zaka zitatu amwa ngati supu. Pamenepo sindinatsutse. Kambuzi wathu ataulawa msuziwo angafe n'kuseka.

Ndiye onani tsiku langa. Masana nkhalamba imodzi yandiuza kuti chimene ndimaphikachi si enchilada. Usiku nkhalamba ina yandiuza kuti si chakudya.

Koma kunena zoona, nkhani sinayambire patebulo. Inayambira pa sitovu, ndipo wolakwa mwina ndine. Apongozi anali atakhala pampando wa kukhitchini, khanda lili kumbuyo m'chitenje, akuyang'ana manja anga mmene amachitira, osanena kanthu. Kenako anatola tortilla limodzi, kulitembenuza, kulinunkhiza.

"Chapati chanji chonunkha chonchi?"

"Si chapati, amayi. N'chimanga chimenecho."

"Chimanga?" Ananunkhizanso. "Chimanga chake chiti?"

Fungo limene ankanenalo ndikulidziwa bwino. Titangofika kuno tinagula thumba la masa harina, ufa wopangira ma tortilla, m'sitolo ina ya anthu a ku Mexico pa Western Avenue, tikuyesa ndi ufa woyera. Nsima yake tinaidya chifukwa cha njala, tikuyang'anana. Ndiye ndinawafotokozera zimene mnzanga uja anandiuza, kuti amayi ake ankawiritsa chimanga m'madzi othira njereza, n'kuchisiya usiku wonse, m'mawa n'kuchitsuka makoko atafewa, n'kupita nacho kuchigayo chidakali chonyowa. Ndinati zikufananako ndi mmene ife timanyikira mphale.

"Njereza yopaka m'nyumba?"

"Eya, koma yake yodyedwa. Ena amathira phulusa. Ngati chidulo."

"Chidulo n'cha therere," anatero, n'kubweza tortilla lija pamalo pake.

Pamenepo munthu wanzeru akanatseka pakamwa n'kupitiriza kukulunga. Koma ine sukulu inandikwera m'mutu. Ndinayamba kuwaphunzitsa kuti njerezayo imamasula vitamini wina wotchedwa niacin amene m'chimanga amakhala womangika, ndipo n'chifukwa chake anthu a ku Mexico adya chimanga zaka zikwizikwi osadwala pellagra, matenda aja osupula khungu m'khosi ndi m'manja momwe mumawomba dzuwa. Ndinafika mpaka potchula kuti matendawa anavuta kwambiri m'misasa ya othawa nkhondo a ku Mozambique kwathu mu 1990.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kwawo msewu wa M1 ndiwo malire. Ukaoloka kukagula tomato tsidya linalo uli kale ku Mozambique.

"Anthu amenewo ndinawaona ndi maso angawa, inu mukuyamwa," anatero. "Sanadwale chifukwa cha nsima. Anadwala chifukwa chosowa ndiwo."

Ndipo chondipweteka n'choti ananena zoona. Zimene ine ndinawerenga zimanenanso chimodzimodzi, kuti matendawo anakula mtedza utasiya kufika pa chakudya chimene anthuwo ankalandira. Iwo sanawerenge paliponse. M'malo movomera, ine ndinathawira kutsogolo. Ndinati komabe chimanga n'cha ku Mexico, kumeneko n'kumene anthu anayamba kuchilima zaka pafupifupi 9,000 zapitazo kuchokera ku udzu wina wam'tchire, ndipo ku Africa chinafika pa zombo za Apwitikizi chitadutsa chaka cha 1500. Makolo athu ankadya nsima ya mapira ndi mawere.

"Ya mapira ndikuidziwa, agogo anga ankaphika," anatero mofatsa. "Ndiye mukuti chimanga changa cha makolo chija, chimene mbewu yake ndimaimangirira kudenga la khitchini kuti izifukiridwa utsi, n'cha anzanuwo?"

"Chinachokera kwawo, amayi."

"Chabwino. Muwauze abwere adzandithandize kupalira."

Ndinaseka, iwonso anaseka, ndipo ndinayesa kuti zathera pomwepo. Pano ndili chigonere ndi pamene ndikuona kuti kuyambira Loweruka foni yawo sikupuma. Mauthenga a mawu a pa WhatsApp amalowa ife tikugona, popeza kwathu ali patsogolo ndi maola 7, ndipo m'mawa uliwonse amawamvetsera kawirikawiri, foni ataigunditsa kukhutu: mvula yagwa, anthu ayamba kubzala, feteleza wakwera. Munda anausiya m'manja mwa mdzukulu wina amene samukhulupirira ngakhale pa nkhuku. Mayi amene chaka chilichonse cha moyo wake mvula yoyamba imamupeza ali ndi khasu, chaka chino wakhala pawindo kuonerera sinowo. Ndiye ine, tsiku limenelo, ndi kuwauza kuti ngakhale chimangacho si chawo.

Komabe ayi. Ndisadziweruze ndekha ngati kuti mlandu wonse ndi wanga. Pali bambo a anawa.

Funso lija litagwa patebulo, mwana wamkulu anayankha m'Chingerezi kuti agogo, chakudya n'chomwechi. Apongozi Chingerezi samva, koma kamvekedwe ka mwano sikafuna womasulira. Ndinamuponda phazi pansi pa tebulo. Bambo ake anatsokomola n'kunena kuti, "Amayi, kuno ndi mmene timadyera masiku ena." Ndinati eya, mwamuna ndi ameneyu. Kenako anatembenukira kwa ine, mawu atawafewetsa ngati opempha ngongole: "Komabe kansima kakang'ono sikangavute, eti?"

Munthu ameneyu anali atadya anayi. Munthu ameneyu ndi amene Lachiwiri lililonse amaimba foni ali kuntchito kufunsa ngati tchizi chilipo. Zotsala amanyamula m'kontena n'kumakadyera anzake pamaso. Koma amayi ake akangokhala pampando, amabwerera kukhala kamnyamata ka ku Ntcheu kosadziwa kuti padziko pali chakudya china.

Ndinati, "Ufa uli m'kabati, mthiko uli m'dirowa."

Pamaso pa amayi ake. Mawuwo anatuluka okha, ndinangowamva ali kunja kale. Kunangoti zii, kumveka foloko ya mwana wamng'ono yokha ikukanda mbale. Amayi anga ondibereka akanamva, bwenzi atandikumbutsa zonse zimene anankungwi anandiuza tsiku la chilangizo, chimodzichimodzi.

"Ayi, musavutike apongozi," anatero iwo. "Ndakhuta ine."

Ndakhuta ameneyo! Aliyense wokulira kwathu amamudziwa. Ndi ndakhuta wa mlendo amene waona kuti ufa wa eni nyumba watha. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Anatolera mbale, ine ndikuti siyani amayi, iwo osamva, anatsuka zonse ndi manja ngakhale makina otsukira ali pomwepo, n'kukagona 8 koloko isanakwane.

Chikundizunguza n'choti sindikudziwa kuti ndakwiyira ndani. Iwo sanalakwe, kwa munthu wa zaka zawo tsiku lopanda nsima ndi tsiku logona ndi njala, ngakhale mutamupha mbuzi. Ineyo ndinali kunena zomwezo ndisanakwere ndege. Bambo a anawa ndawakwiyira, inde, koma mkwiyo wake ndi wakale, wa masiku onse. Mwina ndakwiyira mapazi angawa amene akuwawabe mpaka pano. Mwina ndinkafuna kuti wina anene kuti mbale ija, ya zinthu zisanu, ya msuzi wa m'chitini, yosakhala ya ku Michoacán komanso yosakhala ya ku Ntcheu, ndi chakudya cha pakhomo pano, chifukwa ndi chimene chalera ana awa pamene panalibe agogo, panalibe azakhali, panalibe wina aliyense wogwira mthiko ine ndikaweruka mochedwa.

Ndinaiwala kuthira kambuzi m'gawo lawo. Ndili naye wouma m'botolo, anabwera naye okha. Mwina zikanathandiza. Kaya.

Mkonono wasiya. Adzuka, akuti akukamwa madzi.

Papita mphindi khumi sanabwerere. Ndipo kukhitchini kukumveka phokoso limene sindingalisokoneze ndi lina lililonse, ngakhale mutandidzutsa pakati pa usiku ku dziko liti: mthiko ukugunda m'mbali mwa kapoto kakang'ono kaja, gu, gu, gu, mwa munthu amene akuyesetsa kuvundula mwakachetechete. Akunong'onezana. Furiji yatsegulidwa. Tsopano kukumveka kukhwekhwereza kwa pepala lija ndinavundikira ma enchilada awiri otsala, amene ndinasungira kuti ndikadye kuntchito mawa. Ndiye kuti asanduka ndiwo. Chimanga kudyera chimanga chinzake.

Fungo la nsima yapsa lafika mpaka m'bulangete muno, ndipo m'mimba mwangamu, mopanda manyazi, mwayamba kulira. Alamu ndatchera 5 koloko. Sindipitako. Akandiitana mwina, koma ndekha ayi.

Wina akubwera m'kakhonde, ndipo mapazi ake si a bambo a ana.