Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Kochi wa nsapato za gogoda

M'gawo lapitali ndinakusiyani nditangoleka ntchito ya usiku kunyumba yosamalirako okalamba ija, msana utakana. Sindinakhale nthawi yaitali pakhomo. Kuno ku South Bend, ku America, Amalawi tilipo ambiri ndithu, ndipo nkhani ya ntchito imayenda msanga pakamwa kuposa pa intaneti. Mayi wina wa kumpingo anandilumikiza ndi banja lomwe linkafuna munthu wosamalira mayi awo pakhomo: gogo wachizungu, miyendo yofooka koma mutu uli bwinobwino, pakamwa posagona.

Tsiku loyamba mwana wawo anandionetsa mankhwala, bafa ndi mafoni a adokotala. Kenako anatsegula kabati n'kutulutsa mulu wa matisheti obiriwira mothobwa m'maso. "Awa muzichapa paokha," anatero, "ndipo tsiku la masewero musamachedwe." Agogowo anali ndi matikiti a sizoni yonse a timu ya atsikana ya basketball ya pa yunivesite ya Notre Dame. Kuwakankha pa njinga yawo mpaka m'bwalo la timuyo la Purcell Pavilion, kaya kunja kukugwa sinowo, inali mbali ya ntchito yanga.

Ine ndinakulira netball. Kusekondale ndinkasewera kumbuyo, ndipo ndinkadziwa kuti ukagwira mpira mwendo sutsetsereka. Ndiye ndinangoti kakasi kuona atsikana ataliatali akuthamanga ndi mpira, akuwombana mapewa, woyimbira ali phee. Koma maso anga sanakhalitse pa osewera. Pamzere panali mayi wochepa thupi, tsitsi lalifupi, siketi yothina ndi nsapato za gogoda, atanjuta pansi osagwedera. Akaimirira n'kumenyetsa chidendene pansi, atsikana omuposa msinkhu kutalitali ankatembenuka nthawi yomweyo.

"Ameneyo ndi Muffet," anatero agogo, ngati akunena mwana wa mchemwali wawo.

Mbiri ya kochi Muffet McGraw ndinaiphunzira m'galimoto, chifukwa agogowo ankaibwereza ulendo uliwonse. Anabadwa mu 1955 ku Pennsylvania, n'kusewera pa Saint Joseph's ku Philadelphia nthawi imene lamulo la Title IX la mu 1972 linali litangoyamba kukakamiza sukulu kuti ndalama za masewero zizifikanso kwa atsikana. Anayamba ukochi pa sekondale ya Archbishop Carroll, kenako anakhala zaka zisanu ku Lehigh, ndipo mu 1987 anabwera ku Notre Dame. Agogo ankati masiku amenewo mipando inkangokhala yopanda anthu, ukakuwa mawu ako n'kumamveka bwalo lonse. Notre Dame inali ya mpira wa anyamata uja wa zipewa zolimba, atsikana anali ongowonjezera. Chikho choyamba chinabwera mu 2001, atagonjetsa Purdue 68 kwa 66 ku St. Louis, wosewera wawo Ruth Riley atamwetsa mipira iwiri kutatsala masekondi ochepa. Pamenepa agogo ankasiya kaye kulankhula kuti apukute m'maso, ine n'kumangoyendetsa.

Nthawi imene ndinkayamba kupitako mu timumo munali Skylar Diggins, mwana wa mommuno wa ku Washington High School. Tiatsikana tachikuda ta mu South Bend tinkadzaza bwalo titamanga kansalu pamphumi motengera iye. Mwana wanga wamkazi, yemwe ndinkamutenga agogo akapeza tikiti yapadera, naye anayamba kumanga. Sipanatenge nthawi, anabwera ndi pepala la kusukulu loti ndisaine.

"Amayi, ndikufuna kulowa timu."

Bambo ake anakana. Ankati tinabwera kuno kudzaphunzitsa ana, osati kudzathyola mawondo, ndipo nsapato zokhazo mtengo wake ndi fizi ya mwana wa achimwene awo kumudzi. Pa za mtengo sankanama. Ndinasaina ndekha, nsapato ndinagula zakaunjika wa kuno, ndipo tinakhala masiku angapo tikulankhulana kudzera mwa ana.

Zaka zimenezo timu inkafika patali koma chikho osachigwira. Inagonja mu fainolo mu 2011, 2012, 2014 ndi 2015, kawiri konse kwa UConn (yunivesite ya Connecticut) ya kochi Geno Auriemma, dzina lomwe m'nyumba mwa agogo silinkatchulidwa popanda kutsonya. Ine chimene chinkandidabwitsa n'choti chaka chotsatira mayi uja ankabweranso, gogoda yemweyo, n'kuyambiranso ndi ana atsopano. Kwathu timu ikangoluza kawiri timayamba kale kufunsa kuti kochi achoka liti.

Tsono 2018. Atsikana anayi anaduka mtsempha wa pabondo uja amati ACL, mmodzimmodzi, mpaka benchi inatsala mbee. Agogo nawo anali atafooka, kubwalo osapitanso, tinkaonera pa TV iwo ali pabedi mpweya uli m'mphuno. Lachisanu Loyera, ku Columbus, Arike Ogunbowale, mtsikana amene bambo ake ndi a ku Nigeria, anaponya mpira kutatsala sekondi imodzi n'kugwetsa UConn 91 kwa 89. Lamulungu la Pasaka, pa 1 Epulo, anakumana ndi Mississippi State mu fainolo. Mu kota yachiwiri Notre Dame inapeza mapointi atatu okha. Atatu! Kenako inatsalira ndi 15. Ndinafuna kuzimitsa TV poopa mtima wa agogo, iwo anandigwira dzanja ndi mphamvu imene sindinkadziwa kuti akadali nayo. Atsikana anakwera pang'onopang'ono mpaka 58 kwa 58. Kutatsala masekondi atatu mpira unaponyedwa kwa Arike pakona, iye anauponya akugwera chammbali, ndipo unalowa. 61 kwa 58. Ndinaimba nthungululu m'chipinda cha wodwala, agogo akuseka mpaka kutsokomola, aneba n'kugogoda kudzafunsa ngati kwagwa zovuta. Linali tsiku lomwelo la pa 1 Epulo limene anatengera chikho cha 2001.

Agogo anatisiya chaka chomwecho kusanayambe kuzizira. Tisheti imodzi ana awo anandipatsa.

Chaka chotsatira, timu itafikanso pa matimu anayi otsiriza, McGraw anauza atolankhani kuti salembanso mwamuna ntchito yomuthandiza ukochi. Mfundo yake inali yoti kumatimu a anyamata pafupifupi makochi onse ndi amuna ndipo palibe amadandaula, pomwe kumatimu a atsikana, amene mu 1972 oposa 90 pa 100 alionse ankaphunzitsidwa ndi amayi, amayi anatsika mpaka osakwana theka ntchitoyo itayamba kukhala ndi ndalama. Kavidiyoko kanazungulira mpaka pa gulu lathu la WhatsApp la amayi. Bambo a kunyumba anati limenelo ndi tsankho basi, angolitembenuza. Ine mpaka lero sindinena kuti mwamuna sangaphunzitse atsikana. Griffin Saenda anaitengera patali Malawi Queens tonse tikuona. Koma ndinaganiza za malo onse amene ndinagwirako ntchito kuno. Osambitsa, onyamula ndi osintha matewera tinali amayi, ambiri obwera. Muofesi yokonza ndandanda wa mashifiti munkakhala ena, ndipo palibe mmodzi wa ife ankafunsirako malo akatseguka. Tinkangouzana kuti si zathu.

Fainolo ya 2019 anagonja kwa Baylor ndi pointi imodzi, 82 kwa 81. Mu Epulo 2020, mliri wa Covid uli pakati, McGraw anapuma atakhala zaka 33 pa Notre Dame, atapambana masewero 936 pa ukochi wake wonse wa kukoleji. Mpando anausiyira Niele Ivey, yemwe anali wosewera wake mu timu ya 2001 ndipo anakhala womuthandiza zaka zambiri, mayi wachikuda woyamba kutsogolera timuyo.

Mwezi womwewo kampani imene ndinkagwirako inataya anthu ambiri, ena kudwala, ena kuopa. Malo a woyang'anira osamalira odwala m'makomo anatseguka. Fomu yake anandithandiza kulemba pa kompyuta ndi mwana wanga uja, bondo lake lili mu bandeji, bambo ake akuyang'ana chapatali osanena kanthu. Za mafunso amene anandifunsa pa Zoom, ndi za bondolo, ndikuuzani m'gawo likubwerali.