Mmene ndinafufuzira za mabomba a ku Nairobi ndi Dar es Salaam ndili ku Santhe

Anandiyambitsa ndi mtsikana wina wa Folomu 4, wosachedwa kuimika dzanja. Pa kalabu yathu ya mtsutso tinkakambirana za uchigawenga, ine ndili kalikiliki kufotokoza za ndege zomwe zinagunda nyumba zosanja ku New York mu 2001. Iye anangoti, "Sala, kodi kuno ku Africa zigawenga sizinaphulitseko?" Ndinati zinaphulitsa, ku Kenya ndi ku Tanzania, mu 1998. "Anafa anthu angati?" Apa ndinangokanda kumutu. Zonse zomwe ndinkadziwa zinali za amalume anga, omwe nthawi imeneyo ankapita ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam kukaoda zitenje, ndipo nkhani yawo imanenepa chaka ndi chaka. Ndinalonjeza ana aja kuti pakatha masabata awiri ndibwera ndi zenizeni.

Laibulale ya pasukulu pathu ndi makabati awiri a mabuku a silabasi, choncho Loweruka ndinakwera minibasi kupita pa boma ku Kasungu. Amayi oyang'anira mabuku atamva chomwe ndikufuna anavula magalasi n'kundiyang'ana kaye. "Aphunzitsi, za mabomba mukufuna mutani nazo?" Ndinawafotokozera za kalabu ija, anaseka, kenako anandiphunzitsa chinthu chomwe ndinayenera kudziwa kalekale. Mabuku amaikidwa potsatira manambala. Mbiri ya Africa ili m'ma 960: ya Kenya pa 967.62, ya Tanzania pa 967.8, ya kwathu kuno pa 968.97. Za uchigawenga zimakhala kwina, m'ma 300, makamaka pa 363.325. Buku lokamba za mabombawo lokha panalibe. Koma anandiuza kuti ndisamangowerenga mitu ya pachikuto, ndizitsegula kumapeto kwa buku lililonse lotuluka 1998 itadutsa, pa mndandanda wa mawu paja, n'kuyang'ana Nairobi, Dar es Salaam kapena bin Laden, mtsogoleri wa gulu la zigawenga la al-Qaeda lomwe linaphulitsa mabombawo. Mwanjira imeneyi ndinatola ndime zitatu m'mabuku awiri. Zinali zochepa, koma zinandipatsa tsiku lenileni ndi kalembedwe koyenera ka mayina, zomwe ndi makiyi ukafika pa intaneti.

Tsikulo linali Lachisanu, pa 7 Ogasiti 1998, cha m'ma 10:30 m'mawa nthawi ya kumeneko. Kuno kunali kusanakwane 10 koloko, popeza iwo ali patsogolo ndi ola limodzi. Magalimoto awiri odzaza ndi mabomba anaphulika pa maofesi a kazembe wa America, ina ku Nairobi, ina ku Dar es Salaam, mosiyana ndi mphindi zochepa chabe.

Amayi aja anandiuzanso kuti nyuzipepala zathu za nthawi imeneyo ndingakazipeze ku Zomba, kosungira zakale za dziko lino. Ndinawerengetsera ya mayendedwe, n'kuona kuti ulendo umenewo udikire kaye.

Ndiye ndinatembenukira ku foni. Usiku woyamba ndinaononga bandulo pachabe. Ndinalemba mawu ochepa pa Google, zomwe zinabwera zinali makanema a pa YouTube, ena okhala ndi nyimbo zoopseza, enanso osakaniza chiwembu cha 1998 ndi cha pa sitolo zikuluzikulu za Westgate ku Nairobi cha 2013, chomwe anachita ndi zigawenga za ku Somalia za al-Shabaab. Pofika pakati pa usiku bandulo inali itatha, m'kope mulibe kanthu. Kuyambira pamenepo ndinadziikira lamulo: makanema ayi, zolembedwa zokha, ndipo chilichonse chachitali ndichidawunilode ngati PDF kuti ndiziwerenga netiweki itazimitsidwa.

Wikipedia musainyoze, koma musagonenso pamenepo. Ine ndinaigwiritsa ntchito ngati kondakitala wondilozera basi. Ndinatsika mpaka pansi pa tsambalo, pomwe alemba komwe anatenga mfundo iliyonse, n'kuyamba kudina. Maulalo ambiri ndi akufa, poti nkhaniyi ndi ya zaka zoposa 25. Ukapeza wakufa, umakopera adiresi yake n'kuiika pa Wayback Machine ya Internet Archive, ndipo kawirikawiri tsambalo limatuluka monga linalili kale. Polemba pa Google ndinaphunziranso kuika dzina m'kati mwa zizindikiro zogwira mawu a munthu, n'kuwonjezera filetype:pdf kumapeto. Zinyalala zimachepa kwambiri.

Chikalata choyamba cholemera chomwe ndinapeza ndi lipoti la komiti yomwe boma la America linakhazikitsa, yotsogozedwa ndi Admiral William Crowe, lotuluka mu Januwale 1999. Ndinaliwerenga madzulo atatu, magetsi atathima, foni ili pa kabatire ka sola. M'menemo ndi momwe ndinamvetsa chifukwa chake ovulala ku Nairobi anachuluka chonchija, kuposa 4,000. Alonda a pageti anakana kutsegulira galimoto ija. Mmodzi mwa achiwembuwo anaponya kabomba kam'manja, ndipo anthu m'maofesi oyandikana atamva phokoso anathamangira kumawindo kuti aone. Bomba lalikulu linawapeza ataima pa magalasi. Ambiri anavulala kumaso, ena osaonanso mpaka lero. Nyumba ya Ufundi, yoyandikana ndi ofesi ya kazembe, momwe munalinso sukulu ya atsikana ophunzira ntchito ya ulembi, inagweratu. Kazembe Prudence Bushnell anali m'nyumba ya Cooperative Bank pa msonkhano ndi nduna ya zamalonda ya Kenya, Joseph Kamotho, ndipo kazembeyu anali atadandaulapo kale kwa akuluakulu ake ku Washington kuti ofesiyo ili pamalo osatetezeka, pa mphambano ya Moi Avenue ndi Haile Selassie Avenue. Ku Dar es Salaam galimoto ya bomba sinafike pafupi ndi nyumbayo, panjira panali galimoto yonyamula madzi, n'chifukwa chake imfa zinachepako.

Pa chiwerengero cha omwalira ndi pomwe ndinavutika. Nyuzi za tsiku loyamba zili ndi nambala zazing'ono, chifukwa anthu anali akadali pansi pa zigumukire. Za m'masabata otsatira zili ndi zina. Ukapanda kuyang'ana deti la nkhani yomwe ukuwerenga, unamiza ana. Ine ndinatsatira chiwerengero cha kukhothi, chifukwa kumeneko imfa iliyonse inawerengedwa ngati mlandu pawokha: 213 ku Nairobi, 11 ku Dar es Salaam, onse pamodzi 224. Mwa amenewa, nzika za America zinali 12. Otsalawo ambiri anali Aafirika anzathu, makalaliki, ophunzira, anthu okwera basi yomwe inkangodutsa.

Zamakhothi ndizo ndinakondwera nazo kwambiri, ngakhale Chingerezi chake n'chouma ngati chimanga chokazinga. Mu Meyi 2001 khothi la ku New York linapeza olakwa anthu anayi: Mohamed al-Owhali, yemwe anali m'galimoto ya ku Nairobi koma anathawa isanaphulike, Mohamed Odeh, Wadih el-Hage, ndi Khalfan Khamis Mohamed wa ku Tanzania. Onse analamulidwa kukhala m'ndende moyo wonse. Dzina lomalizali nditalilemba pa SAFLII, tsamba laulere la zigamulo za makhothi a kum'mwera kwa Africa, ndinapeza zomwe sindinkayembekeza. Munthuyu anagwidwa ku Cape Town mu 1999 n'kuperekedwa kwa a FBI, apolisi ofufuza milandu a ku America. Khothi lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko la South Africa linagamula mu 2001 kuti boma lawo linalakwitsa kumupereka osayamba lapangana ndi America kuti sakaphedwa, popeza iwo chilango cha imfa anathetsa. Kwa kalabu ya mtsutso, uwu unali mutu wopsa kale: kodi woganiziridwa kuti wapha anthu ochuluka chonchi ali ndi ufulu womwewo?

Funso lomwelo linandibweretsa kwathu. Mu Juni 2003 anthu asanu a maiko akunja anagwidwa ku Blantyre powaganizira kuti amathandiza al-Qaeda, anatulutsidwa m'dziko muno ngakhale khothi linali litaletsa, ku Mangochi kunabuka zipolowe, ndipo patapita milungu ingapo anamasulidwa ku Sudan. Izi ndinazipeza m'nkhani zakale za BBC. Ndinali mnyamata nthawi imeneyo, ndinangomva kuti ku Mangochi kwavuta, osadziwa mutu wake.

Chenjezo limodzi. Pafupifupi zonse zosavuta kupeza zinalembedwa ndi Aamerika, ndipo zimaona nkhaniyi ndi maso awo. Lipoti la mu 2004 la komiti yofufuza za chiwembu cha ndege chija cha pa 11 Seputembala 2001, lomwe lili pa intaneti mwaulere, limafotokoza bwino mmene gulu la Osama bin Laden linakonzekera kwa zaka, komanso mmene America inabwezera pa 20 Ogasiti 1998 pophulitsa misasa ku Afghanistan ndi fakitale ya mankhwala ya al-Shifa ku Khartoum. Koma mawu a mayi wa ku Nairobi yemwe anataya maso simuwapeza mmenemo. Amenewo ndinawapeza pa tsamba la Daily Nation ya ku Kenya, makamaka nkhani zomwe amalemba chaka chilichonse pa 7 Ogasiti, pomwe opulumuka amadandaula za chipepeso. Ndinayesanso Chiswahili changa cha pa Songwe, kulemba ubalozi wa Marekani, kutanthauza ofesi ya kazembe wa America, ndi chaka, ndipo kunatuluka za ku Tanzania zomwe m'Chingerezi sizinkabwera. Pa Google Scholar, pofufuzira zolemba za akatswiri a maphunziro, ndinangodina zokhala ndi PDF pambali, zofuna ndalama ndinazilumpha.

Zonse ndinaziika pa fulashi, masamba khumi ndi awiri okha n'kukasindikiza pa kashopu ka pa Santhe, pepala lililonse nditalemba pamwamba komwe lachokera ndi chaka chake. Mnyamata wosindikizayo anawerenga mutu wa tsamba loyamba n'kundifunsa chapansipansi ngati sindilowa nazo m'mavuto.

Ndisanapite nazo kwa ana ndinadzera kwa amalume. Ndinawawerengera za galimoto yamadzi ija. Anakhala chete, kenako anati, "Mphwanga, ine kunena zoona sindinaone kalikonse. Ndinali ku Kariakoo, ndinangomva kugunda ngati bingu, kenako mashopu n'kuyamba kutseka." Zaka zonsezi ankatiuza kuti anaona moto ndi maso awo. Ndinawapempha kuti abwere Lachitatu adzauze anawo za bingu lomwelo, ndipo anavomera, bola ndiwalipirire kabaza.