Masenti 34 ndi ufa umene ndaiwala

Tulo takana, chonsecho ndagwira ntchito usiku wonse. Zonsezi ndi amalume.

Si amalume anga enieni, koma kuno ku Denver, ku America, bambo aliyense wakwathu wa imvi ndi amalume basi. Ndinapita kukatenga ufa umene anandigulira, ndipo ndinawapeza atayala pepala lovotera patebulo, magalasi ali pamphuno, tiyi atazizira. Ku Colorado pepalalo limabwera pa positi, munthu amavota ali pampando wake.

"Wabwera bwino mwana wanga, tandiwerengera apa. Zilembo zake n'zazing'ono ngati nyerere."

Ndinawerenga. Funso 2Q: msonkho wa pa zogula ukwere ndi masenti 34 pa madola 100 alionse, ndalamazo zipite ku Denver Health, chipatala chimene chimalandira ngakhale opanda inshuwalansi. Kenako 2R, ya meya Mike Johnston, masenti 50 ena, omangira nyumba zotsika mtengo. Pamene ndikulemba izi, mu 2024, timalipira 8.81 peresenti. Zonse zikadutsa pa chisankho cha pa 5 Novembala, tifika pa 9.65.

"Zonse ziwiri, ayi," anatero. "Boma likalawa ndalama silisiya mbale."

Anayamba kundiphunzitsa za TABOR, lamulo la 1992 loletsa boma kukweza msonkho lisanafunse anthu. Amalinyadira ngati analemba okha. Ine ndinati, amalume, ife ogwira ntchito zosamalira okalamba, angati ali ndi inshuwalansi yeniyeni? Mnzanga wogona naye nyumba imodzi atadwala chibayo chaka chatha, tinathamangira kuti? Mawu anga anakwera pang'ono, ndikuvomera.

Anavula magalasi. "Kodi iwe ukuvota?"

Akudziwa bwinobwino kuti ndili ndi green card chabe, chiphaso chokhalira kuno chimene sichilola kuvota. Sananene mwachipongwe, mwina n'chifukwa chake zandilowa chonchi. Pa tilu palibe amandifunsa pasipoti. Foni, nsapato za kuntchito, jekete la nyengo yozizira, msonkho ndimalipira wofanana ndi wawo, kungoti iwo malipiro awo ndi anga awiri. Koma pa pepala lija dzina langa palibe.

Ndakumbuka sabata yanga yoyamba kuno, nditawerenga ndalama ndendende za mtengo wolembedwa pa nsapato, wogulitsa n'kunditchulira zina zoposa. Manyazi ake! Ndinaganiza kuti akundibera. Kwathu ku Malawi VAT, msonkho wa pa zogula, imabisala mumtengo momwemo, sumaiona, ndipo palibe anabwerapo kudzafunsa mayi anga ngati akuifuna. Iwo amangodula chiphaso cha msika m'mawa uliwonse, mulu wa zinyalala uli pomwepo kuseri kwa benchi lawo la tomato. Mwina amalume akamati ayi amakhala akuyankha mulu umenewo, osati Denver.

Chondivuta china n'chakuti 2R ija, ngakhale akanandipatsa cholembera, sindikudziwa kuti ndikanachonga pati. Lendi ikundidya, inde. Koma msonkho wamtunduwu umaluma kwambiri ife amene ndalama yonse imathera m'sitolo. Ya chipatala yokha ndiye mtima wanga uli poyera.

Potuluka ndinaona kuti envelopu sanamate. Anangoti, "Uyende bwino, tikambirananso."

Ndazindikira ndili m'basi kuti ufa ndausiya pakhomo pawo. Ndikautenge mawa, kapena ndidikire kaye Lamlungu, sindikudziwa. Alamu ilira 8 koloko.